Zaka za Kalasi pa Njuli

Pa Njuli masiku ano munthu atha kumva ulaliki pamsika Lachisanu madzulo, n'kukweza dzanja, pofika Lamulungu n'kukhala atabatizidwa kale. Mipingo yachuluka m'mbali mwa msewu wa Blantyre–Zomba, ina ikupempherera m'makalasi a sukulu, ina m'mashedi a malata, ndipo masipika ake amalimbana ndi mahutala a maminibasi ndi malole onyamula miyala ya kwale. Ngakhale m'mipingo yakale ija, kalasi yokonzekera ubatizo si ija ayi. Ambiri okhala m'kalasi lero ndi anyamata ndi atsikana amene anabatizidwa ali makanda, akungokonzekera mgonero. Munthu wa imvi kukhala pa benchi limodzi ndi ana, kumaloweza mayankho kuti adzabatizidwe, zikusowa. Achikulire a kwathu akaona zimenezi amangopukusa mutu n'kuti Chikhristu chatchipa. Ine mawu amenewa sindiwavomera msanga, chifukwa mkangano woti munthu adikire nthawi yaitali bwanji asanabatizidwe si wa lero. Ku Chiradzulu kuno unayamba pamodzi ndi Chikhristucho.

Mishoni zikuluzikulu zoyamba sizinamangidwe pa Njuli penipeni. Pano panali podutsira amtengatenga ochoka ku Blantyre kulowera ku Zomba, kumene kunali likulu la boma la atsamunda. Oyamba kufika m'dera lino anali amishoni a UMCA ndi bishopu wawo Charles Mackenzie, amene David Livingstone anawasiya ku Magomero mu 1861. Sanakhalitse. Bishopuyo anamwalira kuchiyambi kwa 1862, otsalawo n'kutsikira kwa Chibisa kumtsinje wa Shire, osasiya mpingo m'midzi muno. Amene anadzakhazikika anabwera pambuyo. Asikoti anamanga ku Blantyre mu 1876. John Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe mu 1900. Ansembe achikatolika a chipani cha Montfort anafika ku Nguludi mu 1903, patapita zaka ziwiri chiyambireni ntchito ku Nzama ku Ntcheu. Choncho munthu wa pa Njuli wofuna ubatizo anali ndi njira zitatu, iliyonse ndi malamulo ake, ndipo pambali pa zonsezi Chisilamu chinali kufalikira pakati pa Ayao nthawi yomweyo. M'mudzi umodzi munkatha kupezeka mlongo wa kwa Aroma, mchimwene wa kwa Asikoti ndi malume wa ku mzikiti, onse akudyera limodzi pa maliro.

Njira ya Asikoti inkadzera ku sukulu. Mnyamata wina wa Chiyao wa ku Nguludi, Harry Kambwiri Matecheta, anapita kukaphunzira ku mishoni ya Blantyre m'zaka za m'ma 1880, nabatizidwa mu 1889, m'nthawi ya David Clement Scott. Mu 1911 iye ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mpingo wa Blantyre. Kuchoka pa ubatizo kufika pa ubusa, zaka 22. Asikoti sankathamanga pa chilichonse, ndipo ulemu wonse umene anthu awo ankadzimva nawo unkachokera pa kudikira komweko.

Za mkati mwa kalasi ndinazimva kwa anganga, mayi a mayi anga, amene makolo awo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, obwera kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Iwo analowa kalasi cha m'ma 1930, ali kale ndi mwana kumbuyo. Nyumba ya kalasiyo inali imodzi, sukulu pakati pa sabata, tchalitchi Lamulungu: mitengo yozika, dothi lophoma, denga la udzu, mipando ya dothi loumba imene amayi ankaizira Loweruka. Belu linali chidutswa cha njanji chopachika mu mtengo wa mango. Mphunzitsi akachimenya dzuwa litapendeka, amene anali kudimba ankasiya khasu, n'kusamba m'miyendo mwachangu, n'kuthamanga, chifukwa kuchedwa nako kunkalembedwa.

Kalasi inali pawiri. Poyamba munthu ankangokhala womvera, dzina lake lili m'kaundula wa mphunzitsi. Akaoneka wokhazikika ankaimirira pamaso pa mpingo n'kulonjeza kusiya zakale, ndipo apo ndi pamene ankalowa kalasi yeniyeni yokonzekera ubatizo. Pa kutalika kwake achikulire amanena zosiyana. Ena amati zaka ziwiri zinkakwana ngati sunadwale, sunasamuke ndiponso palibe wakuneneza. Anganga ankati iwo anakhala zinayi. Wachinyamata ankayenera kudziwa kuwerenga asanabatizidwe. Nkhalamba zokha ndi zimene ankazimvera chifundo. Buku Lopatulika lathunthu linali litatuluka mu 1922, koma m'mudzi wonse mwina munkapezeka limodzi kapena awiri, ndiye kuphunzira kunkayambira pa dothi. Munthu ankasalaza pansi ndi chikhatho, n'kulemba chilembo ndi chala, mphunzitsi n'kudutsa ndi kandodo kuloza cholakwika. Sileti inkabwera pambuyo, ndipo inkayenda m'manja mwa anthu atatu kapena anayi.

Chimene anganga ankachikumbukira kwambiri ndi phokoso lake. Mphunzitsi ankafunsa funso la mu katekisimu mokweza, kalasi yonse n'kuyankhira pamodzi mokoka mawu, funso lomwelo kasanu, kakhumi, mpaka lilowe. Mawuwo ankamveka mpaka kuchitsime. Akuti ngakhale amayi achisilamu amene sanapondepo m'nyumba ija ankatha kumaliza yankho akusinja, ndipo ana oweta mbuzi ankaseweretsa mayankhowo kudambo. Kuloweza sikunali kovuta kwenikweni. Chovuta chinali chakuti nthawi yonseyi munthu ankaonedwa.

Mudzi uliwonse unali ndi mkulu wa mpingo woyang'anira mlaga wake, ndipo iye ankadziwa nyumba imene kwafuka utsi wa mowa, amene wapita kukaombeza mwana atadwala, amene wavina ku chinamwali cha mdzukulu wake, amene akukhala ndi mwamuna popanda ankhoswe. Wa kalasi aliyense anali ndi khadi, pamene ankachongapo masiku obwera ndi chopereka. Khadilo linkasungidwa m'kati mwa buku la nyimbo kapena m'kachitini kopachika kudenga, kuopa chiswe ndi mvula. Likatayika, miyezi yako yatayika nayo.

Tsiku loyesedwa anthu ankakhala pa udzu kunja kuyambira m'mawa, n'kumaitanidwa mmodzimmodzi. M'katimo munali abusa pa tebulo, akulu a mpingo m'mbali, kaundula ali chitsegulire. Anganga ankafotokoza zawo akuseka mpaka misozi. Mafunso onse anayankha osaphonya, ndime imene anawalozera anawerenga, ngakhale chala chikunjenjemera. Atangoti apume, mkulu wina wa m'mudzi mwawo momwemo anakonza pakhosi.

“Mayi, mwayankha bwino ndithu. Nanga mbiya ija inali kuseri kwa nkhokwe yanu nthawi yososa, inali ya chiyani?”

“Linali thobwa la olima, bambo.”

“Thobwa logona masiku angati, mayi?”

Anganga anangoyang'ana pansi. Abusa analemba kanthu m'kaundula, ndipo anauzidwa kuti adzabwerenso chaka chamawa. Ndikawafunsa kuti, “Nanga inu anganga simunakwiye?” ankati, “Iwe, ndikwiyirenji? Mowawo unalidi mowa. Chimene chinkandiwawa n'chakuti mwamuna wa mlongo wake wa mkuluyo ndi amene anamwa kwambiri.” Koma kuseri kwa nthabwalayi kuli nkhani ya njala. Mayi wopanda ndalama ankafulula kuti anthu adzamulimire pa dima, kapena kuti apeze ya msonkho wa nyumba. Kumuuza kuti asiye mowa kunali kumuuza kuti asiye njira yokhayo imene anali nayo yopezera ndalama.

Abusa sankafika kawirikawiri, ndiye ubatizo unkadikira Lamulungu la mgonero. Loweruka kunkakhala mapemphero okonzekera, anthu ochokera kutali n'kugona kwa abale. Mawa lake obatizidwa ankagwada kutsogolo, mkulu atanyamula mbale ya madzi, abusa n'kuviika dzanja n'kuliika pamutu. Madzi ochepa zedi, poyerekeza ndi zaka zimene munthu wawadikirira. Ambiri ankatenga dzina latsopano tsiku limenelo, la m'Baibulo kapena la mzungu wina wa ku mishoni, ndipo n'chifukwa chake pakati pa madikoni oyamba a ku Blantyre timamva maina ngati Mungo Murray Chisuse ndi John Gray Kufa. Kumudzi dzina lakale silinkafa. Munthu ankakhala ndi la ku tchalitchi ndi la pa mtondo.

Kwa Aroma zinthu zinkayenda mwina. Kumeneko mwini kalasi anali katekisiti, ndipo chachikulu chinali kuloweza mapemphero ndi katekisimu pamtima. Kusadziwa kuwerenga sikunkamutsekera munthu khomo. Mowa sankauletseratu, bola osaledzera, ndipo achikulire sabisa kuti ena anasankha mpingo poganizira zimenezi. Koma zaka zodikira zinalipo ndithu. Kadinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha White Fathers chimene chinagwira ntchito m'chigawo chapakati ndi kumpoto, analamula zaka zinayi za maphunziro munthu asanabatizidwe, ndipo a kwathu amene anadzera ku Nguludi nawonso amanena za zaka, osati miyezi. Munthu akapitako patsogolo ankalandira mendulo yovala m'khosi, kuti aliyense aone kuti uyu ali panjira.

Chimene chimakumbukika kwambiri kwa iwo ndi masabata otsiriza, Pasaka akuyandikira. Akatekumeni, ofuna ubatizowo, ankasiya makomo awo n'kukakhala ku mishoni, atasenza ufa, nandolo, mphasa ndi nkhuni. M'mawa Misa ndi maphunziro, masana ntchito ya manja m'munda kapena pa njerwa, madzulo maphunziro ena. Nthawiyi ndi ya chimanga chachiwisi m'munda koma nkhokwe zili mbee, ndiye ufa wa munthu mmodzi wopita ku mishoni unkasonkhedwa ndi mbumba yonse. Wansembe ankayesa aliyense payekha, ndipo wolephera ankabwerera kwawo ndi mphasa yake anzake akutsala. Mwambo wa ubatizowo unali wa Chilatini, ndipo amene anaulandira nthawi imeneyo sakumbukira mawu koma mchere umene wansembe ankaika pa lilime, mafuta, kansalu koyera ndi kandulo. Panalinso kakhomo kena kakumbali. Munthu akadwala mwakayakaya, katekisiti ankatha kumubatiza pomwepo pamphasa. Abambo ambiri a mitala, amene sankafuna kusiya akazi awo, ankadikira kakhomo kameneka, ndipo nkhani zilipo za ena amene anabatizidwa usiku, m'mawa n'kupempha phala.

Njira yachitatu inkatsikira kumtsinje. Chilembwe anali ataphunzirako ku sukulu ya Asikoti, koma amene anamubatiza ndi Joseph Booth, mu Julaye 1893, pasanathe chaka Booth atafika m'dziko muno. Mu 1897 anapita naye ku America, kumene anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nabwerako ali mbusa wodzozedwa wa Chibaputisti, wothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention. Ku Mbombwe malamulo analipo okhwima: mowa ayi, ukhondo, kuvala bwino, ana ku sukulu. Koma achikulire amati munthu akavomereza chikhulupiriro chake sankamusunga zaka zambirimbiri, ndipo womubatiza anali munthu wakuda mnzake.

Ubatizo womiza ndinauona ndili mwana, m'dziwe la kamtsinje kena ka kwathu, ndipo sindikhulupirira kuti unasiyana kwambiri ndi wa nthawi ya Chilembwe. Mwamuna mmodzi ankatsogola ndi ndodo yaitali, kufufuza pozama ndi poterera, kenako mbusa n'kulowa mpaka m'chiuno atavala jekete. Obatizidwa ankandanda pamchenga, amuna mbali ina, akazi mbali ina, akazi atamanga nsalu m'miyendo ndi luzi kuti isayandame. Mbusa ankagwira munthu pa msana ndi pa manja opingasa pachifuwa, n'kumugoneka chagada mpaka madzi atseke nkhope. Potuluka wina ankatsamwa, wina ankalira, wina ankangoima atasowa kolowera, ndipo kumtunda amayi anali atatambasula zitenje n'kupanga mpanda woti obatizidwa asinthiremo. Ife ana tinkakwera mu mtengo kuwerenga amene amwa madzi. Madziwe amenewo ambiri anakwiririka ndi mchenga pamene mitengo ya m'mbali mwa mitsinje inatha, ndipo mipingo ina yomiza tsopano inamanga thanki ya simenti kuseri kwa tchalitchi.

Kuti timvetse chifukwa chimene anthu ankathamangira kumtsinje tiyenera kukumbukira amene ankathamangawo. Ambiri anali Alhomwe obwera kumene, opanda malo awoawo, okhala pa minda ya azungu ngati ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene lendi inkalipidwa ndi thangata. Munthu wogwira thangata analibe madzulo aulere oti azikhala m'kalasi zaka zitatu, ndipo chaka chamawa mwina anali atathamangitsidwa pamalopo, khadi lake n'kukhala lopanda ntchito. Woyang'anira minda imeneyo, William Jervis Livingstone, ankatentha nyumba zopempherera zimene anthu a Chilembwe ankamanga m'menemo. Ludzu la ubatizo wosachedwa silinali la ku Chiradzulu kokha. Ku Nkhata Bay, kumene mishoni ya Livingstonia inkadikiritsa anthu nthawi yaitali, Elliot Kamwana anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa chabe pakati pa 1908 ndi 1909, mpaka boma linamuchotsa m'dziko. Atsamunda ankaona bwino kuti munthu wakuda amene akutsegula yekha khomo la mpingo mawa adzafuna kutsegula makomo ena.

Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira. William Jervis Livingstone uja anaphedwa ku Magomero, mishoni ya Nguludi inatenthedwa patapita masiku ochepa, ndipo Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale. Tchalitchi chake chachikulu cha njerwa ku Mbombwe asilikali anachiphwasula ndi mabomba. Pakati pa onyongedwa panali John Gray Kufa uja, mwana weniweni wa kalasi ya Asikoti, dikoni ndi wothandiza kuchipatala, amene anali ndi munda ku Nsoni. Kudikira zaka zonse zija sikunamupange kukhala wofatsa pa nkhani ya thangata, ndipo izi zinawasokoneza kwambiri azungu amene ankaganiza kuti vuto ndi ubatizo wa changu. Zitatha izi, achikulire amati, mantha anagwira midzi yonse. Amene anamizidwa ku Mbombwe ankabisa, ena n'kukayamba kalasi kwa Aroma, popeza mendulo m'khosi inkamuchotsera munthu mafunso a asilikali panjira. PIM inakhala chitsekere mpaka 1926, pamene Dr Daniel Sharpe Malekebu, amene anachoka ku Mbombwe ali mnyamata n'kukaphunzira udokotala ku America, anabwera kudzaitsegulanso. Akuti atafika, anthu amene kwa zaka 11 ankaoneka ngati analeka anatulukira m'midzi, ena ndi ana akuluakulu oti abatizidwe.

Zimene zinafupikitsa kalasi pambuyo pake sizinachite phokoso. Mu 1924 mipingo ya Blantyre ndi Livingstonia inagwirizana kupanga CCAP, ulamuliro n'kumapita pang'onopang'ono m'manja mwa abusa ndi akulu a kuno. Boma linayamba kulowerera pa maphunziro, ndipo m'kupita kwa zaka kuwerenga kunakhala ntchito ya sukulu, osatinso ya kalasi. Ana a obatizidwa oyamba aja anayamba kubatizidwa ali m'manja. Kwa Aroma, msonkhano wa Vatican wachiwiri wa 1962 mpaka 1965 unabweretsa Misa ya Chichewa, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunadza miphakati, maphunziro ambiri n'kusamukira m'midzi momwemo. Zosenza ufa kupita ku mishoni zinazilala. Kenako kunabwera za kubadwa mwatsopano, zoyambira m'tauni ya Blantyre, ndipo popeza Njuli ndi Limbe n'kufupi, sizinachedwe kufika. Pamene ine ndinkalowa kalasi, inali ya Loweruka masana, ya ana okhaokha, ndipo mkulu wotiphunzitsa ankadandaula kuti tikuloweza ngati tikukonzekera mayeso a Sitandade 8.

Amene amalira kalasi yakale ali ndi mfundo. Inaphunzitsa amayi ambiri kuwerenga pa nthawi imene palibe ankaganiza zotumiza mtsikana ku sukulu, ndipo anganga ankawerenga okha makalata a mwana wawo wa ku Joni chifukwa cha iyo. Inkachititsanso kuti pofika tsiku la ubatizo mpingo ukhale ukumudziwa munthuyo, makhalidwe ake, ngongole zake, ndi amene adzamuyendere akadwala. Koma olirawo amaiwala amene anasenza mtengo wake. Bambo wa mitala akafuna ubatizo ankauzidwa kuti atsale ndi mkazi woyamba. Kuno kwathu ndi kwa chikamwini, ndiye mkazi wachiwiriyo sankathamangitsidwa pamudzi, poti mudzi ndi wake. Chimene chinkachitika n'chakuti bamboyo ankangoleka kubwera. Munda wotsala pakati, denga lofuna udzu, ana ofuna msonkho wa sukulu, zonse zinkagwera mayiyo ndi alongo ake. Bambo n'kukhala mkhristu wolemekezeka, mwinanso mkulu wa mpingo. Ndipo ngati bamboyo wakana kusiya aliyense, mayi wachiwiriyo ankatha kukhala m'kalasi mpaka imvi, mayankho onse ali pamtima, akuphunzitsa ana a anzake amene ankamudutsa n'kukabatizidwa. Mudzi uliwonse wa kuno unali ndi mayi wotere, wokhala kumbuyo kwenikweni, wotuluka mwakachetechete nthawi ya mgonero ikakwana.

Chimene sichinasinthe ndi mphamvu ya kaundula. Munthu akamwalira pa Njuli, funso loyamba la akulu a mpingo likadali lakuti khadi lake lili bwanji, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona zoti amayi a Mvano kapena a mphakati abwera ndi yunifolomu kudzaimba, kapena maliro ayenda ndi abale okha. Mabuku akale a ubatizo ku maparishi ndi ku maseshoni agwiranso ntchito imene olemba ake sanailote. Mu 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika, okalamba ambiri analibe pepala lina lililonse losonyeza zaka zawo, ndipo makhadi anatuluka m'zitini ndi m'mabuku a nyimbo. Azakhali anga ena, amene anabatizidwa ali kale ndi ana awiri, anapereka lawo. Wolembera anaona chaka chimodzi chokha pa khadilo n'kuchikopera pa malo a chaka chobadwa, moti pa chiphaso chawo ndi aang'ono kwa mng'ono wawo amene anamulera okha.